Theka la Paundi

MUTU 7

1. Sikelo ya m'mawa

Lachisanu limenelo Maren Dykstra anakwera pa sikelo 7 koloko isanakwane, atavula nsapato ndi juzi, mpweya ataugwira ngati kuti nawonso umalemera. Manambala anaphethira kawiri, kenako anaima pa 120.5.

"Mayo ine!" anatero chapansipansi.

Kuno kwathu ku Iowa masewera ogwetsana si nkhani yocheza. Mwana akalowa timu ya sukulu, tauni yonse imadziwa kulemera kwake. Aliyense amagwetsana ndi mnzake wolemera mofanana naye, ndipo malo a Maren anali a mapaundi 120.

Masana a tsikulo sukulu zisanu ndi imodzi zinali kudzakumana pa sukulu yawo. Nthawi ya 2 koloko woimbira masewera anali kudzayeza mtsikana aliyense, ndipo wopyola ngakhale pang'ono chabe sagwetsana. Theka la paundi, abale! Kulemera kwa kapu ya madzi basi.

"Pepa, mwana wa shuga," anatero Kinsley Roeder, yemwe anaima kumbuyo kwake akutafuna chingamu. "Ine ndili pa 118. Ukalephera usalire, malo ako ndikusungira bwinobwino."

"Ukulota uli maso," anayankha Maren.

Kinsley anaseka n'kulavulira m'botolo lake. Ndi mmene ogwetsana amachitira tsiku la sikelo: kutafuna chingamu n'kumalavulira m'botolo kuyambira m'mawa, ati kuchepetsa madzi m'thupi. N'zonyansa, koma kawauzeni muone ngati angakumvereni.

Maren anamugwetsa Kinsley Lachiwiri pamaso pa timu yonse, ndiye chifukwa chake malowo anali ake. Koma lamulo linali lodziwika: mwini malo akalephera sikelo, wachiwiri amalowa.

A Kochi Brandvold anabwera ndi pepala la maina. Anali bambo wamtali, wa makutu opindikapindika chifukwa cha zaka zambiri za masewerawa. Anayang'ana sikelo, kenako anayang'ana Maren.

"Theka la paundi si phiri," anatero. "Uchepetse madzi pang'ono, upite kuchimbudzi, lichoka lokha. Koma tamverani nonsenu. M'timu yanga mulibe wogona ndi njala. Maren, makamaka iwe. Ukadye nkhomaliro yako monga mwa masiku onse. Wamva?"

"Ndamva, Kochi."

A Kochi anati makamaka iye chifukwa Maren anali ndi matenda a shuga, mtundu uja umagwira ana. Anamupeza nawo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Thupi lake linasiyiratu kupanga insulini. M'chiuno ankavala pampu, kamakina kakang'ono ngati sopo, kamene kankalowetsa insulini m'thupi. Pamkono anali ndi kachipangizo koyeza shuga, kamene kankatumiza nambala ku foni yake, foniyo n'kuitumiza ku kompyuta ya a nesi.

Amayi ake anamukaniza masewerawa zaka ziwiri zathunthu. Chaka chino ndiye analola, koma ndi mawu amodzi.

"Tsiku limene udzasewere ndi chakudya chifukwa cha sikelo," anamuuza motero, "udziwe kuti masewera athera pomwepo. Sindidzabwerezanso."

Mayi Dykstra sanali munthu wonena chinthu kawiri.

2. Kwa a nesi

Tsiku lililonse asanapite kukadya, Maren ankadzera kwa nesi wa pa sukulu, Mayi Oltmann. Ankawerengera limodzi chakudya cha tsikulo, kenako Maren ankadina pampu kuti ipereke insulini wokwanira chakudyacho.

Mayi Oltmann anali aafupi, a imvi, magalasi akulendewera pa chingwe m'khosi. Ana ankati mayi amenewa amalinunkhiza bodza likadali pakhomo.

"Lowa, Maren. Nambala ikuti bwanji?"

"142, Mayi Oltmann."

"Yabwino. Lero kukhitchini kuli nyemba za chili, banzi la sinamoni ndi mkaka. Ukadya zonse ndi magalamu 80 a chakudya chosanduka shuga m'thupi. Udya zonse?"

"Zonse."

Mayi Oltmann anavala magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva kuti m'mawa sikelo sinakukomere."

Maren anayang'ana pansi. Ha, pa sukulu imeneyi munthu sangatsokomole anthu osamva!

"Takhala pansi kaye," anatero a nesi. "Mphindi ziwiri sizikupha. Ine ndakhala m'chipinda chino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zimene ogwetsana amachita tsiku la sikelo ndimazidziwa zonse. Amalavula, amathamanga atavala majuzi atatu, amadumpha chakudya. N'zopusa kwa wina aliyense. Koma anzakowo akadumpha chakudya, matupi awo amadziwa okha kuchepetsa insulini. Lako silidziwa.

"Insulini ukamudina walowa, ndipo palibe angamutulutse, ngakhale dokotala. Amakadikira chakudya chimene wamulonjeza. Akachisowa, amadya shuga wa m'magazi ako mpaka kumumaliza, ndipo woyamba kuvutika ndi ubongo. Munthu amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, kupsa mtima popanda chifukwa. Kenako sadziwanso kuti akufunika thandizo. Poopsa ndi pamenepo, mwanawe, chifukwa amadziona ngati ali bwinobwino pamene akugwa.

"Kompyuta iyi imandionetsa nambala yako, koma m'mimba mwako ine sindionamo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati ukuganiza zochepetsa chakudya lero, ndiuze pompano tione chochita. Sindikukalipira ayi."

Maren anatsegula pakamwa. Mawu anafika pa mlomo penipeni.

"Koma muwauza amayi?" anafunsa.

"Amayi ako sindiwabisira kanthu. Zimenezo ukuzidziwa."

Basi, mawu aja anabwerera kumene anachokera.

"Palibe chouza," anatero Maren. "Ndidya zonse."

Analemba 80 pa pampu, a nesi anayang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo Maren anadina. Pampu inalira kawiri. Nthawi inali 12:25.

3. Banzi la sinamoni

M'chipinda chodyera munali fungo la chili, nyemba zija zophikidwa ndi nyama yogaya ndi tsabola. Lachisanu la chili ndi banzi la sinamoni ngakhale ana odana ndi chakudya cha pa sukulu amaima pamzere.

Maren anatenga thileyi yake n'kukhala pafupi ndi mnzake wa ponda apa m'pondepo, Yesenia Arriaga. Yesenia nayenso anali wa m'timu, wa pa mapaundi 135, koma iye sikelo sinkamuvuta. Ankadya ngati mawa kulibe.

Maren anakankhira thileyi kwa mnzakeyo.

"Idyanso izi."

"Ee, lero kwatani? Wandikonda?" anatero Yesenia akutambasula dzanja. Kenako dzanjalo linaima m'malere. "Tadikira. Iwe sukudya?"

"Ndidya ndikatsika pa sikelo."

"Kwa Mayi Oltmann wapita?"

"Ndapita."

"Wadina?"

"Osakuwa iwe!"

Yesenia anaika supuni pansi.

"Maren, wadina insulini wa chakudya chimene sukudya? Ine masamu amandivuta, koma apa ndiye ndaona ndekha kuti sizikugwirizana."

"Ola limodzi ndi theka basi. Ndayambira pa 142, ndili ndi posungira. Ikangokwana 2 koloko ndidya ng'ombe yathunthu, nyanga zomwe."

"Idyako banzi lokha."

"Banzi limenelo ndi lalikulu ngati mutu wako. Ukufuna Kinsley avale malaya a timu pa malo anga? Ndadzuka 5 koloko miyezi itatu, Yesi. Ndamugwetsa pamaso pako."

"Ndikawauza a nesi."

"Ukawauza, iwo auza amayi, ndipo ine masewera atha. Osati lero lokha, mpaka kalekale. Ukatero usadzandilankhulenso."

Yesenia anali ndi mantha, ndipo mantha ake anaoneka pankhope. Anadzuka, anapita pa tebulo la zakumwa, n'kubwera ndi kabokosi ka juwisi wa maapozi. Anakaika m'thumba la juzi lake.

"Chabwino, sindinena," anatero. "Koma ndikakupatsa aka, umwa. Osatsutsa."

"Ndimwa."

Thileyi ya Maren inabwerera kukhitchini mmene inabwerera, banzi lisanalumidwe n'komwe.

4. Pa masitepe

Itakwana 1 koloko ogwetsana anawatulutsa m'makalasi kuti akayale mamatiresi m'holo. Mabasi a sukulu zina anali atayamba kufika, matayala ali chipale chofewa chokhachokha.

Maren anathamangira kuchipinda chosinthira zovala n'kukwera pa sikelo yakale ya pakona. Inati 120.2. Foni inanjenjemera m'thumba. Nambala inali 94, ndipo kamuvi ka pambali pake kanaloza pansi.

Apa mpamene mwana wanzeru akanabwerera. Koma Maren ankaona 120.2 yekhayo.

Anachotsa pampu, chinthu chimene ankaloledwa kuchita pa nthawi yoyezedwa ndi yogwetsana yokha. Anaiika m'kachikwama momwe munali timapiritsi take ta shuga, anaponyamonso foni, n'kutsekera zonse m'kabati yake yachitsulo. Foni ikakhala kutali ndi mkono siimva kachipangizo kaja, ndipo siilira. Maren ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Anavala majuzi awiri n'kupita pa masitepe a kuseri kwa holo, kumene sikudutsa anthu. Anayamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika.

Ulendo wachisanu ndi chitatu thukuta linayamba. Linali lozizira, koma iye anakondwa, ati paundi ikuchoka. Ulendo wakhumi ndi chiwiri milomo inachita dzanzi. Kenako anasokoneza chiwerengero, osadziwanso ngati ali pa 15 kapena pa 20.

A Kochi Brandvold anatulukira pansi pa masitepe atanyamula mipando inayi.

"Maren! Majuzi awiri a chiyani? Vula limodzi. Wadya?"

"Ndadya, Kochi."

"Nambala?"

"Ili bwino."

A Kochi anamuyang'ana ngati akufuna kufunsanso, koma wina anawaitana kuti chinkuzamawu chakana kulira. Anathamangira komweko ndi mipando yawo.

Maren anatsamira khoma. Mtima unkagunda m'makutu, manja akunjenjemera ngati a munthu wozizidwa. Anawabisa m'khwapa n'kukweranso masitepe.

5. Pamzere

Itatsala pang'ono kukwana 2 koloko atsikana onse anaima pamzere m'mbali mwa holo, opanda nsapato, atavala malaya ogwetsanira. Kutsogolo kunali mayi woimbira masewera, sikelo ili patsogolo pake, pepala lili m'manja. Ankayamba ndi opepuka.

Yesenia anachoka pa malo ake n'kudzaima pambali pa Maren. Atamuona nkhope anadzidzimuka.

"Wayera ngati pepala. Foni ili kuti?"

"M'kabati."

"Pampu?"

"Ndati m'kabati! Ukundifunsiranji ngati wapolisi?"

Yesenia anatulutsa kabokosi kaja, anabayapo kapaipi n'kumupatsa.

"Imwa. Unalonjeza."

Maren anakayang'ana. Kabokosi kakang'ono, koma kolemera ndithu kokwanira kumubwezera pamwamba pa 120. Patsogolo pake panatsala atsikana asanu okha.

"Ndikatsika."

"Maren, milomo yako ikunjenjemera."

"Choka apa iwe!" anakuwa Maren, n'kukankha dzanja la mnzake. Kabokosi kanagwa pansi, juwisi n'kudontha. Atsikana a sukulu zina anatembenuka. Maren sanali mwana wokalipira anthu, ndipo Yesenia anali asanamvepo mawu otere kuchokera kwa iye.

"Taonani, mantha amugwira," anatero Kinsley kumbuyo. "Sikelo siluma, mwana wa shuga."

Anatsala atatu. Kenako awiri. Magetsi a padenga anayamba kuoneka awiriawiri. Phokoso la m'holo linamveka kutali ngati munthu walowetsa mutu m'madzi.

"Wotsatira! Mapaundi 120."

Maren anayenda ngati woledzera n'kukwera pa sikelo.

"Dzina?" anafunsa woimbira masewera, maso ali pa pepala.

Maren anamuyang'ana. Funsolo analimva, koma yankho lake silinabwere.

"Dzina lako, mtsikana iwe."

"Yankha, Maren, usachite nthabwala," anatero a Kochi ali chapatali.

Manambala anaphethira n'kuima.

"119.8," anatero woimbira masewera. "Wakwanitsa. Tsika."

Maren anamva mawu oti wakwanitsa, ndipo anamwetulira. Anatsitsa phazi limodzi, koma pansi sanapapeze. Maondo anapinda, n'kugwa chammbali, khu!

Zotsatirazi Maren anachita kuuzidwa.

Yesenia anakuwa mpaka holo yonse inamva. "Sanadye! Wadina insulini koma sanadye! Itanani a nesi!"

A Kochi anagwada, anatola kabokosi ka juwisi kaja, n'kudzutsa mutu wa Maren kuti amumwetse. Anali ndi cholinga chabwino bambo amenewa, koma akanamupweteka.

"Musamumwetse! Atsamwa!"

Anali Mayi Oltmann, akubwera chothamanga ndi chikwama chofiira. Nambala ya Maren itasowa pa kompyuta yawo, anamufunafuna m'kalasi, kuchimbudzi ndi kuchipinda chosinthira zovala, osamupeza. Tsopano anakankha anthu n'kugwada.

"Munthu wokomoka sapatsidwa kanthu pakamwa. Mugonekeni chammbali. Kochi, imbirani ambulansi, kenako amayi ake. Enanu bwererani m'mbuyo, si kanema uyu!"

Anatulutsa kabotolo ka mankhwala okweza shuga, anakalowetsa m'mphuno mwa Maren n'kupopera. Anamubaya chala n'kuyeza magazi. Nambala inali 36.

Mayi Oltmann anayang'ana wotchi yawo, dzanja lina lili pa tsaya la mwanayo. Kinsley anali atagwira pakamwa, botolo lake lili pansi.

6. Funso la amayi

Maren anatsegula maso patapita mphindi khumi ndi imodzi. Anali atamufunditsa jekete la a Kochi, mutu ukuwawa, mseru uli pakhosi. Yesenia anakhala pambali pake, maso ali psuu ndi kulira.

"Dzina lako ndani?" anafunsa Mayi Oltmann.

"Maren."

"Lero ndi lachingati?"

"Lachisanu." Anayesa kudzuka. "Ndakwanitsa sikelo. Ndigwetsana nthawi yanji?"

"Gona pansi! Lero sugwetsana ndi munthu. Ukupita kuchipatala."

Atatha kumeza bwinobwino, a nesi anamupatsa timapiritsi ta shuga tinayi. Kenako anatenga tina tinayi, anatiika pa chikhatho n'kumuonetsa.

"Tayang'ana. Timeneti tikanakukweza pa masitepe paja, ndipo sikelo sikanatimva n'komwe. Tonse tinayi sitilemera ngati kalata. Unatitsekera m'kabati pamodzi ndi foni imene ikanakuchenjeza.

"Ndipo ukanandiuza zoona masana aja, tikanaimbira amayi ako tonse awiri. Tikanasankha chakudya chopepuka, n'kudina insulini wochepa wolingana nacho, monga mmene dokotala wako analembera. Mwina sikelo ukanaikwanitsa, mwina ayi, koma ukanaima ndi miyendo yako. Njira inalipo, mwanawe. Safunsa anadya phula.

"Ine ntchito yanga si kukuletsa masewera. Ndinawachonderera ndine amayi ako kuti akulole. Ndinawauza kuti mwana wa matenda a shuga akhoza kuchita chilichonse chimene anzake amachita, bola akulu omuzungulira azidziwa zoona. Ine ndimadina limodzi nawe chifukwa ndimakukhulupirira. Lero ndayang'anira ndi maso angawa insulini amene akanakupha, ndikugwedezera mutu. Zandipweteka, Maren. Sindikubisira."

Maren akanakonda akanamukalipira.

Anthu a ambulansi analowa ndi machira. Kumbuyo kwawo kunali Mayi Dykstra, atavala nsapato zajombo za kufakitale yosankha mazira kumene ankagwira ntchito, kaukonde ka tsitsi kakadali kumutu. Anathamanga opanda jekete, kunja kuli chipale.

Anagwada, anagwira nkhope ya mwana wawo ndi manja onse awiri, n'kuiyang'ana mbali iyi ndi iyo. Atatsimikiza kuti akupuma ndipo akuwazindikira, anadzuka. Mantha aja anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera Mayi Oltmann.

"36! Mwana wanga wafika bwanji pa 36 ali m'manja mwanu? Ine ndimamusiya kuno chifukwa munandiuza kuti mumawerengera limodzi. Mwawerenga chiyani lero? Mwamupatsa insulini wochuluka bwanji? Nkhani imeneyi siithera pano. Ndikafika nayo kwa akuluakulu a sukulu!"

A Kochi anatsegula pakamwa, koma a nesi anawakwezera dzanja kuti akhale chete. Yesenia anaweramitsa mutu. Aliyense m'holomo anamva zimene Yesenia anakuwa zija, kupatula Mayi Dykstra okha.

Mayi Oltmann sanadziteteze. Anavula magalasi, n'kuyang'ana Maren.

Mayi Dykstra anatsatira maso a a nesi mpaka pa machira.

"Maren," anatero pang'onopang'ono, "nkhomaliro unadya?"

Maren anayang'ana mamatiresi amene anali atayalidwa kale, ndi anthu amene ankadzaza mabenchi. Anayang'ananso mayi wa imvi uja, amene maondo ake anali akadali ndi fumbi la pansi.

"Sindinadye, Amayi," anatero. "A nesi anandifunsa, anandichenjezanso. Ndinawanamiza. Ndinanamizanso a Kochi. Foni ndinaitsekera ndekha. Ndimafuna kukwanitsa sikelo."

Mayi Dykstra anatseka maso. Atawatsegula anatembenukira kwa a nesi.

"Mundikhululukire, Mayi Oltmann. Ndalankhula mopusa."

"Mwalankhula ngati mayi," anayankha a nesi.

"Kochi," anatero Mayi Dykstra, "dzina la mwana wanga mulifafanize pa pepala lanulo. Osati la lero lokha."

"Amayi, chonde!" Maren analira. "Ndanena zoona!"

"Wanena, ndipo ndakumva. Koma ine ndinangotsala pang'ono kukupeza utafunditsidwa mpaka kumutu."

"Mayi Dykstra," anatero a nesi, "musagamule lero, mtima uli m'mwamba. Bwerani Lolemba m'mawa ku ofesi kwanga. Tikhale pansi inu, ine, a Kochi ndi mwanayu. Wadziulula yekha pamaso pa anthu onsewa, akudziwa chimene ataye. Zimenezo nazo tiziyeze."

"Lolemba ndibwera," anayankha Mayi Dykstra. "Koma ndikubwera kudzatenga katundu wake. Ngati muli ndi mawu oti andisinthe maganizo, muwakonze bwino, chifukwa ine sindikuwaona."

Anthu a ambulansi anakweza machira n'kuyamba kukankha. Yesenia anayenda nawo mpaka pakhomo, atagwira dzanja la mnzake.

Chitseko chikutseguka, chinkuzamawu chinalira m'holo. Wolengeza anayamba kuwerenga maina a timu ya pakhomo, kuyambira opepuka, anthu akuwomba m'manja pa dzina lililonse. Maren anamva 105, anamva 110, anamva 115.

"Pa mapaundi 120," anatero wolengeza, "Kinsley Roeder!"

Mphepo yozizira inamumenya kumaso. Maren anakoka jekete la a Kochi n'kudziphimba nalo, ndipo amayi ake anakwera mu ambulansi.